Toshiba ya amalume ndi pulinta ya USB: momwe ntchito yayendera ku Ulongué

8 Juni: zomwe zili pa tebulo

Amalume ali ndi laputopu ya Toshiba T1910, ya 486, yomwe inatsala m'manja mwawo pamene bungwe lina lothandiza anthu obwerera kwawo linatseka ofesi yake kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique. Nkhondo inali itatha ndi pangano la ku Roma la 1992, anthu akukhamukira kumudzi kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo iwo, pokhala mphunzitsi, ndiwo ankalemba mayina. Chiyambire nthawi imeneyo akhala akulemba pa makina omwewo: miyambi, nthano, mbiri ya midzi ya ku Dómuè, mindandanda ya kumphakati, ndi maphunziro a ana a m'Chinyanja omwe anayamba kukonza pamene boma linkayesa kuphunzitsa m'zinenero ziwiri m'sukulu zochepa za ku Tete ndi ku Gaza, pakati pa 1993 ndi 1997. Zonsezi zili mu WordPerfect 5.1, pulogalamu yakale yolembera, pa MS-DOS 6.22, pulogalamu yoyendetsa makinawo.

Kale ankasindikiza pa Epson LX-800 ya riboni. Inagwira ntchito mpaka mutu wake unatha. Mwana wawo wa ku Moatize anawatumizira HP LaserJet P1102, yomwe kumbuyo kwake kuli polowetsa USB basi. Toshiba ilibe USB, chifukwa USB inabwera mu 1996, makinawa atapangidwa kale. Polowetsa zingwe ili ndi parallel ya mabowo 25 ndi serial ya mapini 9.

Amene mukufuna kunena kuti "agulireni laputopu ina", nkhaniyo tinakambirana kale. Yankho lawo linali lakuti, "Iwe mphwanga, zala zangazi zinaloweza F10 ndi Shift-F7. Ukufuna ndibwerere kukayamba a, e, i, o, u ndi imvi zonsezi?" Choncho Toshiba ikhala.

Zowonongeka zomwe ndapeza lero ndi ziwiri. Floppy, kachipangizo kowerenga timadisiki tochotseka, ikungolira osazungulira. Nditatsegula ndapeza lamba wake atasungunuka, wasanduka phala lakuda lomata zala. Kabatire ka wotchi nako kanafa, moti makina akayaka amadandaula n'kufuna kuti udine F1, ndipo tsiku limabwerera m'mbuyo. Mabatire ang'onoang'ono a m'kati ndawachotsa chifukwa limodzi linayamba kuchita ndere zobiriwira, ndipo malowo ndapukuta ndi sipiriti. Mtengo: 50 MT (metical, ndalama ya ku Mozambique) ya sipiriti ndi thonje.

15 Juni: chingwe cha ku Tete

Amalume anali ataitanitsa kale chingwe cha "USB-parallel" kuchokera ku sitolo ina ku Tete, chinabwera ndi dalaivala wa chapa (minibasi). 650 MT, kuphatikizapo ya dalaivalayo.

Sichinalowe mbali ina iliyonse. Mutu wake wa USB ndi wathyathyathya uja wolowa mu kompyuta, pomwe pulinta imafuna wa ngodya zinayi. Mutu winawo ndi Centronics wa mapini 36, womwe umalowa kumbuyo kwa pulinta yakale, osati kwa laputopu. Chingwechi n'chabwinobwino, koma chinapangidwira ntchito yotembenuka: kompyuta yatsopano, pulinta yakale. Pa USB payenera kukhala mbali imodzi yolamula, ndipo yolamulayo ndi kompyuta. Pulinta imangodikira. Ngakhale mutagula timitu tosinthira kuti zilowane, palibe chingayende, chifukwa pakati palibe wolamula.

Zingwe zamtunduwu ndi zomwe mudzapeze paliponse mukafunsa, ku Tete, ku Dedza ngakhale ku Lilongwe. Musanapereke ndalama muyang'ane mitu yake iwiri, ndipo mudzifunse kuti chakale ndi chiti pa zinthu zanu ziwirizo.

Chathu tachisunga m'kabati.

22 Juni: vuto lenileni si chingwe

Mabokosi ochita ntchito yomwe tikufuna alipo pa intaneti: amalandira kuchokera ku parallel n'kupereka ku pulinta ya USB. Ndisanaganize zoitanitsa, ndinafuna kudziwa ngati P1102 ingamve zomwe DOS imatumiza. Ndinailumikiza ku laputopu yanga ya Linux n'kuitumizira kafayilo ka mawu wamba mwachindunji, osadutsa pa driver, kapulogalamu komasulirira pulinta zomwe kompyuta ikutumiza. Pepala silinatuluke.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Epson ija inkamva chinenero chotchedwa ESC/P, ndipo ukaitumizira chilembo A inkadziwa yokha kujambula A. Ma LaserJet akuluakulu amamva PCL 5 kapena PostScript, nawonso amadzikonzera tsamba okha. P1102, ndi ma pulinta ambiri otsika mtengo a masiku ano, sachita zimenezo. Kompyuta ndiyo imajambula tsamba lonse kukhala timadontho, pulinta n'kungothira tona. Ili ngati mlendo wodya nsima yophikaphika: ukamupatsa ufa m'mbale angokuyang'ana. WordPerfect imatumiza ufa.

Ndiye kuti bokosi la pa intaneti lija likanangopititsa mawu omwe pulinta sikuwamva. Ndalama zikanapita pachabe.

Njira zinatsala zitatu. Yoyamba, kugula Epson LX-350, yomwe ili ndi parallel, serial ndi USB. Ikanagwira tsiku lomwelo ndi driver yakale ya Epson. Mtengo womwe tinamva unaposa wa pulinta yomwe tili nayo kale. Yachiwiri, kusaka HP LaserJet P2035 yogwiritsidwapo kale ntchito, chifukwa ili ndi parallel ndipo imamva PCL 5e. Ngati inu mukuyamba kumene ndipo simunagule pulinta, njira yabwino ndi imeneyi, ndipo musavutike ndi zonse zomwe zili m'munsimu. Koma P1102 ndi mphatso ya mwana wawo, ndipo mphatso ya mwana siisinthanitsidwa pamsika. Tasankha yachitatu: kuika kompyuta ina pakati, yoti izilandira kuchokera ku Toshiba, kuphika tsamba, n'kupereka ku pulinta.

29 Juni: kompyuta ya pakati

Ambiri amagwiritsa ntchito kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi. Kuno kuipeza n'kovuta. Ndagula netbook (kalaputopu kakang'ono) yakale yosweka ngodya ya sikirini kwa mnyamata wina wokonza mafoni pamsika wa Ulongué, 1,800 MT. Chaja yake inachokera ku Malawi, ya mano atatu athyathyathya, choncho ndawonjezera kamutu kosinthira ka 60 MT kuti ilowe m'masoketi athu a mano ozungulira.

Ndaikamo Debian (mtundu wa Linux), CUPS (yoyendetsa ntchito zosindikiza), Ghostscript (yojambula masamba) ndi printer-driver-foo2zjs (driver ya P1102). Mabandulo a intaneti adya 300 MT. P1102 ikalumikizidwa koyamba imadzionetsa ngati CD yokhala ndi mapulogalamu a Windows, osati ngati pulinta. Pulogalamu ya usb-modeswitch ndiyo imaitembenuza. Nditaiika, tsamba loyesera latuluka bwinobwino. Mbali iyi yatha msanga.

6 Julayi: mawaya atatu sakukwana

Kuchokera ku Toshiba kupita ku netbook ndasankha serial, chifukwa kachingwe ka USB-serial kamapezeka ndipo Linux imakaona nthawi yomweyo ngati /dev/ttyUSB0. Kanga n'ka chip ya CH340, 450 MT. Mutu wake ndi wa mapini, wa Toshiba nawonso ndi wa mapini, ndiye pakati pakufunika chingwe cha mitu iwiri ya mabowo chomwe mawaya ake apingasana, chotchedwa null modem. Sichinapezeke. Ndadula mitu iwiri ya DB9 pa zingwe zakale za kwa wokonza mafoni yemwe uja, 100 MT, n'kuwotcherera ndekha. Mtovu 80 MT.

Poyamba ndalumikiza mawaya atatu: pini 2 ku 3, pini 3 ku 2, pini 5 ku 5. Pa Toshiba ndalemba:

MODE COM1:9600,N,8,1
COPY AUTOEXEC.BAT COM1

Makina anakhala chete pang'ono, kenako analemba kuti Write fault error writing device COM1, n'kufunsa Abort, Retry, Fail. Ku netbook sikunafike ngakhale chilembo chimodzi.

Ndinayeza mawaya ndi mita, onse ali bwino. Vuto n'lakuti DOS siyamba kutumiza isanaone magetsi pa pini 6 ndi pini 8, zomwe zimaiuza kuti wolandira alipo ndipo wakonzeka. Pa chingwe cha mawaya atatu mapini amenewa amakhala opanda kanthu. Ndawonjezera mawaya: pini 7 ya mbali imodzi ku pini 8 ya mbali inayo, pini 4 ku mapini 6 ndi 1 a mbali inayo, ndipo chimodzimodzi pobwerera. Ngati chingwe chanu chili ndi mawaya ochepa, mutha kungolumikiza 7 ndi 8, komanso 4, 6 ndi 1, m'kati mwa mutu wa ku Toshiba womwewo. Makina adzadziyankha okha kuti zonse zili bwino.

Chenjezo limodzi: manambala a mapini pa mutu wa mabowo amawerengedwa motembenuka poyerekeza ndi wa mapini. Alembedwa pa pulasitiki, ting'onoting'ono. Ndinachita kuwaunika ndi tochi ya foni, ndipo m'kuzizira kwa Julayi kuno zala zimanjenjemera, mtovu n'kudumphira pa pini yoyandikana. Yezani pini iliyonse ndi inzake musanatseke chivindikiro.

Madzulo mizere ya AUTOEXEC.BAT yaoneka pa sikirini ya netbook.

13 Julayi: kuuza WordPerfect kuti ili ndi pulinta ina

Mwayi wathu ngwakuti amene anaika WordPerfect zaka zija anasiya mafayilo a .ALL mu hard disk, momwe mumakhala ma driver a ma pulinta osiyanasiyana. Popanda amenewa, floppy ili yakufa chonchi, tikanaima pomwepa. Shift-F7, kenako S, kenako Additional Printers, ndasankha Apple LaserWriter. Tilibe LaserWriter, chomwe tikufuna n'chakuti WordPerfect itulutse PostScript, chinenero chomwe Ghostscript imawerenga bwino. Pa Port ndaika COM 1, liwiro 9600, parity None, 8, 1, kuti zifanane ndi za ku netbook.

Ku netbook ndalemba kapulogalamu kakafupi. Kamamvetsera pa /dev/ttyUSB0, kamalemba zonse zofika mu fayilo, ndipo pakakhala chete kwa kanthawi kamati ntchito yatha. Kenako ps2pdf imasandutsa fayiloyo kukhala PDF, lp n'kuitumiza ku pulinta. Dzina la PDF ndi tsiku ndi ola la netbook, popeza wotchi ya Toshiba siyodalirika.

Kalata ya tsamba limodzi yatuluka. Nthano ya masamba 14 yatuluka masamba 5 okha, kenako netbook inayesa kusindikiza chidutswa chotsalacho ngati ntchito ina n'kulephera. Nthawi yodikira inali masekondi 3, koma 486 imapuma kuposa pamenepo ikamakonza tsamba lovuta, makamaka lokhala ndi mizere. Ndakweza kufika masekondi 15:

stty -F /dev/ttyUSB0 9600 raw -echo -hupcl min 0 time 150

Nambala ya time imawerengedwa m'magawo khumi a sekondi, ndipo siingapitirire 255. Tsopano nthano yonse yatuluka. Choti mudziwe: musatumize ntchito yachiwiri masekondi 15 asanathe, apo ayi ziwirizo zimatirirana kukhala fayilo imodzi.

Pa 9600, zilembo pafupifupi 960 ndizo zimadutsa pa sekondi. PostScript imayamba ndi malangizo ataliatali tsamba loyamba lisanafike, ndiye ngakhale kakalata kakafupi kamafuna kudikira. Amalume ati Epson inkachedwa kuposa apa ndipo inkadzutsa ana.

20 Julayi: masamba asokonekera

Apa ndi pomwe ntchito yadya nthawi kuposa kwina konse, ndipo palibe waya wokhudzidwa.

WordPerfect imakonza tsamba potengera pulinta yomwe yasankhidwa. Ukasintha pulinta, fayilo iliyonse yomwe watsegula imayalidwanso mwatsopano. Amalume analemba buku la miyambi m'magawo awiri, mwambi kumanzere, tanthauzo lake m'Chipwitikizi kumanja, ndipo mpata wapakati anaupanga podina space mpaka zitafanana. Pa Epson chilembo chilichonse chinali ndi m'lifupi wofanana, zilembo 10 pa inchi, ndiye zinkaima mowongoka. Ine ndinali nditasankha Times kuti zioneke ngati buku la kusitolo. Mu Times, i ndi wowonda, m ndi wonenepa, space ndi yaing'ono. Gawo la kumanja linatuluka lokhotakhota, mwambi wina tanthauzo lake lili pansi pa mwambi wotsatira.

Amalume anagwira pepalalo, analiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Tsopano mwana akawerenga apa adzati fisi ndiye anatuma kalulu?"

Mankhwala ake ndi Courier ya 12, yomwe ndi zilembo 10 pa inchi ngati kale. Ndaiika ngati Initial Base Font ya pulintayo, pa Shift-F7, S, Edit. Mafayilo ambiri abwerera m'malo mwake nthawi yomweyo. Ochepa omwe munali zilembo zopanikizana za Epson, monga mindandanda ya mabanja a kumphakati, afuna kutsegulidwa limodzilimodzi. Alt-F3 imaonetsa ma code obisika, ndipo pamenepo ndi pomwe umachotsa font yakale n'kuika Courier yaing'ono. Kunena zoona Courier siyokongola. Koma kukonzanso pamanja zolemba za zaka 30 kuti zilowe mu Times ndi ntchito yomwe sindingauze munthu wamkulu kuti aiyambe. Zatsopano zomwe akulemba ndawapempha kuti azidina Tab m'malo mwa space. Avomera, ngakhale ndaona chala chachikulu chikupitabe komwe chinazolowera.

Kenako nkhani ya pepala. Mafayilo akale anakonzedwera pepala la Epson lolumikizana, la mabowo m'mphepete, la mainchi 8.5 kwa 11. A4 ndi yopapatiza pang'ono komanso yaitali pang'ono, mamilimita 210 kwa 297. Mizere ina inadulidwa chilembo chomaliza kumanja. Pa mafayilo atsopano ndasintha Paper Size pa Shift-F8, Page. Pa akale sindinakhudze. Ndangowonjezera -o fit-to-page pa lamulo la lp kuti tsamba lonse lichepetsedwe pang'ono n'kukwana. Mapepala owonongeka poyesa: pafupifupi theka la rimu. Rimu 380 MT. Kuseri kwake adzukulu akujambulapo.

27 Julayi: lição yasanduka liçäo

Si zonse zili mu WordPerfect. Kalembera wa zopereka za mphakati ndi mayeso ena akale analembedwa ndi EDIT ya DOS, mawu wamba. Amenewa ndawonjezera mizere iwiri mu AUTOEXEC.BAT kuti chilichonse chopita ku LPT1, ndiye kuti parallel, chikhotere ku serial:

MODE COM1:9600,N,8,1,P
MODE LPT1:=COM1

Ndaphunzitsanso kapulogalamu ka ku netbook kuti fayilo ikapanda kukhala PostScript, kaitenge ngati mawu wamba. Chinyanja chatuluka bwino. Chipwitikizi ayi: paliponse pomwe pali ã patuluka ä, pa õ patuluka ö. Ndinali nditauza iconv, kapulogalamu kosinthira zilembo, kuti mafayilo ndi a code page (ndandanda ya manambala a zilembo) 437, ya ku America. Kulemba CHCP pa Toshiba kwandionetsa 860, ya Chipwitikizi. Ziwirizi zimafanana pa zilembo zambiri, ç ndi é zili pamalo amodzi, n'chifukwa chake vutoli silioneka msanga. Koma nambala yomwe ndi ä mu 437 ndi ã mu 860. Ndasintha kukhala iconv -f CP860 -t UTF-8, zatheka. Makina ena a nthawi imeneyo ali pa 850, choncho muyambe mwafunsa CHCP.

10 Ogasiti: kumudzi

Zonse zija zimachitikira kwanga ku Ulongué, komwe kuli magetsi a waya. Amalume amakhala kunja kwa Dómuè, pa sola: panelo imodzi, batire la galimoto, ndi inveta ya mawati 300. Tinanyamula zonse pa njinga yamoto, Toshiba itakulungidwa m'bulangeti m'chikwama chakumsana kuopa mabampu.

Toshiba ndi netbook zayaka popanda vuto. Titadina kusindikiza, inveta inalira n'kuzima, zonse zinathima pamodzi. Pulinta ya laser imawotcha tona kuti imatirire pa pepala, ndipo potenthetsa imakoka mawati opitirira 300 payokha. Epson ya riboni sinkafuna zimenezo, n'chifukwa chake amalume sanaonepo vutoli. Mwamwayi hard disk yapulumuka. Ndinayendetsa SCANDISK, sinapeze cholakwika. Sitinayesenso kachiwiri. Batire lalikulu la Toshiba linafa kalekale, ndiye magetsi akathima mwadzidzidzi palibe choiteteza.

Inveta yaikulu yoyenera laser, pamodzi ndi batire lina, ndi ndalama zoti zidikire mbatata ikagulitsidwa. Pakadali pano tagwirizana chonchi: pulinta ikhala kwanga. Netbook ikhala kwa amalume, pambali pa Toshiba. Iwo akadina Shift-F7, netbook imapanga PDF n'kuisunga, ndipo CUPS imasunga ntchitoyo pamzere mpaka itaona pulinta. Mdzukulu wawo yemwe amabwera ku Ulongué kudzagulitsa kabichi azibweretsa netbook, ndiilumikize, mapepala atuluke, abwerere nawo madzulo. Toshiba siidzayendanso pamsewu.

Ndaika kapulogalamu kaja kuti kaziyamba kokha netbook ikayaka, komanso kuti isagone chivindikiro chikatsekedwa. Amalume safunika kuitsegula n'komwe. Ndamata kapepala pamwamba: yatsani iyi poyamba, dikirani mphindi ziwiri, kenako Toshiba.

24 Ogasiti: ma PDF

Dongosolo likuyenda. Netbook yabwera ndi ntchito 23 pamzere, zonse zatuluka kupatula imodzi yomwe inamatirirana ndi inzake. Ndawakumbutsa za masekondi 15 aja, ati aziwerenga Atate Athu kamodzi pakati pa ntchito ziwiri.

Chomwe chandisangalatsa kwambiri sichinali m'mapulani. Tsamba lililonse losindikizidwa likusiya PDF, ndiye kuti zolemba zikutuluka mu hard disk yakale ija pang'onopang'ono. Ndinayesapo kale kuilumikiza ku adapta ya IDE ya USB yomwe ndinabwereka, sinaione. Ma disk akale kwambiri nthawi zambiri sagwirizana ndi ma adapta amenewa, ndipo sindikufuna kuitulutsanso. Choncho ndawapempha kuti asindikize mafayilo onse, ngakhale omwe sakuwafuna pa pepala. Ndapanga fayilo yaing'ono pa netbook yomwe ikakhalapo, kapulogalamu kamangopanga PDF osatumiza ku pulinta, kuti tona isathe. Katiriji ya 85A imakwana masamba pafupifupi 1,600, ndipo zolemba zawo zikuoneka kuti ziposa pamenepo. Ma PDF ndikuwakopera pa flash ziwiri, imodzi ikhala kwanga, ina ipita ku Moatize.

Ndalama zonse mpaka pano: 3,870 MT, kuphatikizapo 650 ya chingwe chomwe chili m'kabati. Flash ziwiri 700 MT pamwamba pake.

PDF siilola kuti munthu asinthe mawu mosavuta, ndiye mafayilo enieni a WordPerfect akufunikabe kutuluka. LibreOffice imatha kuwatsegula. Ndayeza lamba wa floppy ndi ulusi, ndipo wokonza mawailesi wina ku Dedza akuti ali ndi malamba a makaseti a misinkhu yosiyanasiyana. Ndidzawoloka pa Calómuè mwezi wa mawa ndi ulusiwo m'thumba, pamodzi ndi kabatire ka wotchi kakufa kaja kuti ndikafananitse.